Kuchoka kwa Yona Kukafika ku Nineve: Masewera a Mawu mu Sande Sukulu

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE)

WOULUTSA: Pulogalamu ya lero kuno ku Karonga ndi ya aphunzitsi a Sande sukulu, akatekisiti, amayi a Umanyano ndi makolo onse amene mumafuna kuti mwana akamva nkhani ya m'Baibulo Lamulungu, pofika Lachitatu akhale akuikumbukirabe. Ana akakhala pafupi musawathamangitse. Muli ntchito yawo m'katimu, ndipo ndikukayika ngati akuluakulu muwapose.

Tikukamba za masewera a mawu. Aphunzitsi ena, makamaka a pa tauni, mwakaonapo kapepala kaja anthu amakatenga pa intaneti n'kukapanga fotokope. Zilembo zili mbwee m'timabokosi, m'munsi mwake muli mndandanda wa mayina a Chingerezi, ndipo mwana amasaka dzina lililonse n'kulizunguliza ndi pensulo. Masewera otere si akale kwenikweni. Aja a mawu opingasana, otchedwa crossword, anayamba kutuluka mu nyuzipepala ya New York World pa 21 Disembala 1913, wowakonza ali Arthur Wynne. Awa osaka mawu obisika anafala ku America kuyambira mu 1968, Norman Gibat atawasindikiza m'kanyuzipepala ka ku Oklahoma, aphunzitsi a m'sukulu n'kuyamba kumupempha ena. Choncho anabadwira m'nyuzipepala, m'Chingerezi, pakati pa anthu amene pepala ndi pensulo sizisowa m'nyumba.

Ine kapepalako sindidana nako. Kamakhazika ana chete, komanso kamanola diso. Koma tiyeni tifunsane. Mwana uja wapeza dzina loti Zacchaeus pakona, walizunguliza bwinobwino, aphunzitsi amuchonga. Kodi wadziwa kuti munthuyo anali wamfupi? Wadziwa kuti anali mkulu wa okhometsa msonkho, ndi chifukwa chimene anthu a ku Yeriko anang'ung'udzira Yesu atalowa m'nyumba mwake? Ayi. Wangofananitsa maonekedwe a zilembo, ntchito imene angaigwire ngakhale mawuwo atakhala a Chifalansa. Ndalama ya fotokope yapita, nkhani yatsala m'buku.

Muyeso umene ndikufuna tiugwiritse ntchito lero ndi uwu: sewero labwino ndi limene mwana sangalithe ngati nkhaniyo sanaimve.

Ndipo sitikuyamba pa mbuto youma ayi. Kupiringiza mawu kuti mnzako amasule ndi luso lathu lakalekale. Wina amati "Ndagi!", anzake n'kuyankha "Gize!" Kwina amati "Chilapi!", yankho "Nachize!" Mukawoloka mtsinje wa Songwe mumva ana akuti "Kitendawili!", anzawo "Tega!" Inu a Chitumbuka ndi a Kyangonde muli ndi kayambidwe kanu komwe agogo anakusiyirani. Baibulo nalo si mlendo pa zimenezi. Pa 1 Mafumu 10 mfumukazi ya ku Seba inayenda ulendo wautali kudzamuyesa Solomo ndi mafunso ozunguza mutu. Koma ndagi yotchuka kuposa zonse ndi ya Samsoni, pa Oweruza 14, ndipo ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa mphunzitsi aliyense ali ndi chotolapo.

Samsoni ali pa phwando la ukwati wake ku Timna, anawaponyera ndagi anyamata 30 a Chifilisti amene anamupatsa kuti akhale anzake. Anawapatsa masiku 7, ndipo anabetcherana zovala: akamasula, iye apereka malaya 30 ndi zovala zina 30, akalephera, apereka ndi iwowo. Tsono yankho la ndagiyo linali mkango umene iye anaupha ali yekha panjira, ndi uchi umene anadzaupeza m'mtembo wake tsiku lina. Zimenezi sanauze munthu, ngakhale bambo ndi mayi ake. Nanga anyamata aja akanadziwa bwanji? Ataona kuti chuma chikupita, anamuopseza mkwatibwi kuti amutentha pamodzi ndi nyumba ya bambo ake. Mkwatibwi analira mpaka Samsoni anaulula, iye n'kukawauza anyamata aja. Mapeto ake, anthu 30 a ku Asikeloni, amene sanali n'komwe pa phwandolo, anafa kuti ngongole ya zovala ibwezedwe, ukwati n'kuthera pomwepo.

Aphunzitsi, mwaziona zinthu ziwiri zimene zinalakwika? Choyamba, yankho linali m'mutu mwa wofunsa yekha. Ifenso timatero tikamafunsa ana zinthu zimene sitinawauze, kapena timfundo tobisika tomwe timadziwa ife tokha, kuti ana aone kuti aphunzitsi ndi ozama. Chachiwiri, kubetcha kunakula kuposa masewera. Sindikunena kuti switi ndi tchimo. Koma mukayamba kupereka mphatso kwa wopambana yekha, sabata ndi sabata amawina ndi ana awiri atatu omwe aja, a kunyumba kumene kuli mabuku, ena onse n'kuphunzira phunziro limodzi lokha, loti Baibulo ndi la ana anzeru. Ngati muli ndi mango, gawirani kalasi yonse.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tsopano tibwere pa chimene ine ndimachiona ngati mwayi wathu waukulu, umene mwana wa ku London alibe. Ana athu saphunzira kuwerenga potchula zilembo chimodzichimodzi mpaka kalekale. Amafulumira kufika pa maphatikizo: ba, be, bi, bo, bu. Agogo anaphunzira choncho pa sukulu za mishoni, ndipo ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 imayendanso njira yomweyo, kuchoka pa liwu la lembo kupita pa phatikizo, kenaka mawu. Chichewa, Chitumbuka ndi Kyangonde zonse zimamanga mawu motero, ndipo mayina a m'Baibulo atalowa m'zilankhulo zathu anavala malaya omwewo. Mo-se. Da-vi-de. Ni-ko-de-mo. Dzina lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u. Ndiye masewera athu timange pa maphatikizo, osati pa zilembo.

Nali sewero loyamba, losafuna pepala, choko kapena kudziwa kulemba. Ndimalitcha unyolo. Mwana woyamba atchula dzina la munthu kapena malo a m'Baibulo. Wotsatira atenga phatikizo lomaliza n'kuyambira dzina lina. Tiyeni tiyese pompano. Ndikuyamba ndi Yona. Yo-na. Phatikizo lomaliza ndi "na". Ndani wa m'Baibulo dzina lake limayamba ndi "na"?

(KACHETE PANG'ONO)

Naomi, apongozi ake a Rute. Na-o-mi. Tatsala ndi "mi". Mneneri Mika. Tsopano "ka". Kaini, uja anapha m'bale wake. Ndiye "ni". Mwaona kumene tafika? Nineve! Yona anathawa kumeneko, anakwera ngalawa ya kwina, koma ife tamufikitsa ndi mayina atatu okha apakati. Ana akaona zimenezi amaseka, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kumamata nkhani m'mutu.

Unyolo wina, wautaliko. Lazaro. Ro: Roda, mtsikana wantchito wa pa Machitidwe 12. Da: Davide. De: Debora, mayi woweruza Aisraeli. Ra: Rakele. Le: Leya. Ya: Yakobo. Tamvani mmene zagwirizanira pamenepa, mkazi wokondedwa, mkulu wake, ndi mwamuna wa onse awiri, andondozana okha. Bo: Boazi. Zi: Zipora, mkazi wa Mose. Mukafuna pitirizani nokha. Mutayesa unyolo womwewu ndi mayina a Chingerezi uduka pa dzina loyamba.

Koma muyeso wathu uja usaiwalike. Kutchula dzina pakokha sikukwanira, chifukwa mwana atha kuloweza mayina ngati mndandanda wa osewera mpira. Lamulo la unyolo ndi loti aliyense wotchula dzina anenenso chinthu chimodzi chimene munthuyo anachita kapena chinamuchitikira. Wanena Roda? Tiuze. Ngati sakudziwa, asatulutsidwe m'bwalo. Anzake amuthandize, ndipo ngati onse sakudziwa, aphunzitsi mwapeza nkhani ya Lamulungu likubwerali. Ya Roda imakoma kwambiri: Petro watuluka m'ndende usiku, akugogoda pa chipata, mtsikanayo wazindikira mawu ake, koma chifukwa cha chimwemwe wathamangira m'nyumba kukanena osatsekula, akuluakulu amene amapempherera Petro yemweyo n'kumamuuza kuti wapenga. Mwana wamkazi amene mawu ake samveka kunyumba, nkhani imeneyi saiiwala.

Pano pali funso limene kwathu kuno silizembeka: tisewere m'chilankhulo chanji? Mwana wa ku Kaporo kunyumba amayankhula Kyangonde. Wa ku Uliwa, Chitumbuka. Onse awiri ku sukulu amaphunzira kuwerenga m'Chichewa, chimene chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, kuwonjezera Chingerezi. M'kalasi imodzi ya pa boma mutha kupeza zilankhulo zonsezi, ndi Chiswahili chomwe. Ine ndimati fotokozani nkhani m'chilankhulo chimene anawo amalotera, ndipo sewero likhale m'chilankhulo chomwecho, ndi mayina olembedwa monga alili m'Baibulo limene mpingo wanu umawerenga. Zikumveka zazing'ono, koma m'masewera a mawu phatikizo limodzi limasintha zonse. Mu-lu-ngu ndi timabokosi titatu. Chi-u-ta titatunso. Kya-la tiwiri. Ngakhale m'Chichewa momwe Mabaibulo alipo angapo: Buku Lopatulika la mu 1922, limene ntchito yake anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Nkhoma, Malembo Oyera la Akatolika la mu 1966, ndi Buku Loyera la mu 1998, limene mipingo inamasulira pamodzi. Pamene loyamba lija limati Yehova, lomalizali limati Chauta. A Chitumbuka ali ndi Mazgu gha Chiuta la mu 1957, Kyangonde nacho chili ndi Baibulo lake. Mayina ena kalembedwe kake kamasiyanako. Choncho musanapite kukalasi, tsekulani buku lanu, muone dzina lililonse ndi maso anu. Mwana akakupezani mutalakwitsa, muthokozeni pamaso pa anzake, chifukwa watsekula Baibulo, ndipo ndi zomwe timafuna.

Wina mwina akung'ung'udza kuti, kodi tasandutsa tchalitchi kukhala Sitandade 1? Kuphunzitsa zilembo ndi Malemba pamodzi ndi kumene Sande sukulu inachokera. Robert Raikes atayiyamba ku Gloucester cha m'ma 1780, anasonkhanitsa ana amene sabata yonse ankagwira ntchito, n'kumawaphunzitsa kuwerenga, buku lake lili Baibulo. Kuno kumpoto a mishoni ya Livingstonia anachita chimodzimodzi. Dr Robert Laws atakhazikika ku Khondowe mu 1894 anamanga sukulu yaikulu, ndipo kwathu kuno Dr David Kerr-Cross anali atatsegula kale ntchito ku Ngerenge. Kulikonse kumene ankafika, sukulu ndi nyumba ya mapemphero zinkakhala denga limodzi. Dayosizi ya Katolika ya Karonga, imene inakhazikitsidwa mu 2010 episkopi wake woyamba ali Ambuye Martin Mtumbuka, nayonso yaika mtima kwambiri pa kuphunzitsa ana Lamulungu. Ndiye mwana akatuluka m'kalasi mwanu atadziwa Zakeyu komanso atadziwa kulemba "za", simunaphwanye mwambo uliwonse.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tiyeni tikonze phunziro limodzi pamodzi, la Zakeyu yemweyo, pa Luka 19. Zipangizo zake: katoni yakale ya sopo, mpeni kapena lumo, ndi khala la pamoto. Dulani katoni tizidutswa tokwana chikhatho. Pa chidutswa chilichonse lembani phatikizo limodzi ndi zilembo zazikulu: ZA, KE, YU, M, KU, YE, SU, RI, KO. Basi, zidutswa 9. Zisungeni m'jumbo, poti kuno mtsinje wa Rukuru ukasefukira mapepala ndi amene amayamba kuwonongeka.

Koma zidutswazo musazitulutse msanga. Nkhani iyambe, ndipo muinene ndi pakamwa, buku mutalitseka, maso anu ali pa ana. Mufotokoze chikhamu cha anthu pa msewu wa ku Yeriko, munthu wolemera koma wodedwa, wamfupi, akuthamanga kukakwera mumtengo ngati kamnyamata. Apa muli ndi mwayi winanso: mtengowo ndi mkuyu, womwewu ana amaudziwa ndi kudya nkhuyu zake. Afunseni chifukwa chimene mkuyu suvuta kukwera, akuuzani okha za nthambi zake zoyambira pansi. Okhometsa msonkho nawonso si nkhani yachilendo kwa mwana wa m'boma la m'malire. Muwauze kuti a nthawi imeneyo ankatolera msonkho wa Aroma, atsamunda, ndipo ambiri ankawonjezera pamwamba kuti adyepo.

Nkhani itatha, tayani zidutswa pansi zosakanikirana. Osawauza mawu oti apange. Afunseni mafunso. Mzinda umene izi zinachitikira? Ana asake YE, RI, KO. Mlendo amene anadziitanira yekha ku nyumba ya mwini wake? Apa pabuka mkangano, chifukwa YE alipo mmodzi yekha, ndipo watengedwa kale. Asiyeni alimbane nazo. Posachedwa wina atulukira kuti YE-RI-KO akagona chopingasa, SU atha kukhala pansi pa YE, dzina la Yesu n'kutsika chotsetsereka. Chimodzimodzi YU: Zakeyu ndi mkuyu amathera pa phatikizo limodzi, ndiye ZA-KE-YU agone chopingasa, M ndi KU atsike kuchokera pamwamba kudzakumana naye pa YU. Anawo apanga okha crossword, ya maphatikizo, m'chilankhulo chawo, ndipo munthu ndi mtengo wake alumikizana pa bokosi limodzi. A m'mbali mwa nyanja, ku Ngara kapena ku Kambwe, simukufunanso katoni. Mchenga wonyowa ndi kamtengo zakwana.

Nanga amene sanayambe kuwerenga? Apatseni zidutswazo anyamule pachifuwa, mmodzi chimodzi, ndipo akuluakuluwo aziwaimika pamzere. Kamwana ka zaka 5 kamene kakhala "KE" Lamulungu lino, mawa kakaona chikwangwani cha keke pa golosale kakuwa kuti ndine uyo.

Kenaka bwererani ku nkhani, apo ayi mwangosewera. Funso lomaliza likhale lopanda chidutswa: Zakeyu analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Yesu anali atamuuza kuti atero? Ana aganize. M'nkhanimo mulibe lamulo lotero. Munthu anangolandiridwa, dzanja n'kumasuka.

Ndagi nazonso zimalowa bwino pamenepa, makamaka pokumbutsa nkhani za masabata apita. Nazi zanga zitatu. Ndagi!

Ndinalipira ulendo wopita, koma wobwerera ndinakwera ulere.

(KACHETE PANG'ONO)

Ameneyo ndi Yona. Buku lake limanena kuti analipira ngalawa ku Yopa. Nsomba ija sinamufunse ndalama. Yachiwiri: kamba wanga anali wa mmodzi, makombo ake anadzaza madengu 12. Ameneyo ndi mnyamata wa mikate 5 ndi nsomba 2, pa Yohane 6. Yachitatu: anzanga akukapa madzi, ine mutu uli pa mtsamiro. Ameneyo ndi Yesu m'ngalawa, pa Marko 4.

Ndikatchula nkhani za panyanjazi ndimaona kuti ana a ku Karonga ali patsogolo pa ana ambiri a dziko lapansi. Akudziwa mmene mwera umasinthira nkhope ya nyanja, akudziwa kudikira bambo amene apita ku usipa usiku. Muwauze kuti nyanja ya Galileya ndi yaing'ono, kutalika kwake pafupifupi makilomita 21, pamene yathuyi imapitirira makilomita 500, koma kuti nayo imadzuka mwadzidzidzi mphepo ikatsika m'mapiri. Muwauzenso kuti nsomba yotchuka ya kumeneko ndi ya banja limodzi ndi chambo. Zikatero Petro ndi Andreya sakhalanso anthu a pa chithunzi, akhala asodzi ngati amalume awo.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Kwa ana okulirapo, a Sitandade 5 kupita m'tsogolo, pali sewero lina limene alembi a Baibulo eni ake ankalikonda. Salimo 119, lalitali kuposa onse, lili ndi zigawo 22, chilichonse cha mavesi 8, onse pamodzi 176. Chifukwa chiyani 22? Chifukwa zilembo za Chiheberi zilipo 22, ndipo m'chigawo chilichonse mavesi onse 8 amayamba ndi lembo limodzi, motsatira ndondomeko ya zilembozo. Machaputala anayi oyamba a Maliro anamangidwanso potsata zilembo, chimodzimodzi ndime ya mkazi wangwiro kumapeto kwa Miyambo 31. Pomasulira, luso limeneli limatayika, n'chifukwa chake m'Mabaibulo athu sitiliona, kupatula kuti ena amalemba mayina a zilembozo pamwamba pa zigawo za Salimo lija. Akhristu oyambirira nawonso anatenga zilembo zoyamba za mayina aulemu a Yesu m'Chigiriki, zinapanga mawu otanthauza nsomba, nsombayo n'kukhala chizindikiro chawo.

Ana athu atha kuchita zomwezo. Lembani dzina chotsika pa bolodi, Y, O, N, A, ndipo lembo lililonse liyambe chiganizo cha nkhaniyo, motsatana. Mwachitsanzo. Y: Yehova anamutuma ku Nineve, iye n'kuthawa. O: Oyendetsa ngalawa anamuponya m'nyanja. N: Nsomba yaikulu inamumeza. A: Anthu a ku Nineve analapa. Inu a Buku Loyera, amene mulibe Y pa dzina la Chauta, yambani ndi Yopa: Yopa ndi kumene anakwerera ngalawa pothawa. Apatseni ana ntchitoyi m'magulu a anayi anayi, mudzadabwa ndi ziganizo zimene adzabweretse. Palibe njira yoichitira popanda kubwereza nkhani yonse m'mutu.

Akatswiri a maphunziro anaziyesa zimenezi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira ndime zoti awerenge. Ena anangowerenga mobwerezabwereza, ena anatsekeredwa pepala n'kuuzidwa kuti alembe zimene akukumbukira. Patatha sabata, aja anavutika kukumbukira ndi amene anasunga zambiri. Kuvutikira kutulutsa chinthu m'mutu ndi kumene kumachikhazikitsa. Ndagi, unyolo ndi ziganizo za dzina zimamuvutitsa mwana mwa njira imeneyi. Kuzunguliza mawu amene alembedwa kale m'munsi mwa pepala sikutero.

Komabe tamverani ziganizo zinayi za Yona zija kachiwiri. Zikusowa chiyani? Zathera pa chaputala 3, pomwe bukulo lili ndi machaputala 4, ndipo mnofu uli m'chaputala chomalizacho. Anthu atalapa, Yona sanakondwe. Anakwiya, anakakhala kunja kwa mzinda kudikira kuti mwina uwonongedwabe. Analira chifukwa cha chomera chimene chinamupatsa mthunzi tsiku limodzi n'kufota, koma mzinda wa anthu oposa 120,000, ndi ziweto zawo, sanaumvere chisoni. Bukulo limathera pa funso la Mulungu, ndipo yankho la Yona sitilimva. Zimenezi sizilowa m'zilembo zinayi, sizilowanso m'bokosi lililonse. Apa mphunzitsi aike katoni pansi, akhale pa mkeka ndi ana, awafunse kuti ndani amene iwo sangakonde kuti akhululukidwe. M'boma limene makolo ake anaona nkhondo ya Mlozi, imene inatha mu 1895, ndiponso nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani pa boma pomwepa mu Seputembala 1914, funso la mdani wokhululukidwa si lachibwana.

Ndipo pali masiku amene ine sindingatulutse n'komwe jumbo ya zidutswa. Lachisanu Loyera ndi limodzi. Nkhani ya Abrahamu ndi Isake pa phiri, kapena ya ana a ku Betelehemu amene Herode anawapha, mwana aimve, akhale nayo chete, afunse mafunso ake. Masewera adikire sabata ina.

Makolo, gawo lanu ndi losavuta. Madzulo pochokera kumunda wa mpunga, mbalagha ili pamoto, funsani mwana kuti akuponyereni ndagi ya zimene waphunzira. Dziyeseni osadziwa, mulephere dala kamodzi kawiri, kuti afotokoze nkhani yonse pokuwongolerani. Akakula pang'ono, apange yekha unyolo woti akazunguze nawo aphunzitsi ake Lamulungu.

(NYIMBO IYAMBE CHAPANSIPANSI)

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma ndikusiyirani ntchito ya sabata ino. Ndi unyolo wozungulira: uyamba ndi Mose, ndipo uyenera kubwerera kwa Mose, apakati ali 6. Tengani cholembera. Woyamba ndi mwana wa Adamu ndi Hava amene anabadwa Abele ataphedwa. Wachiwiri, Paulo anamusiya pa chilumba cha Krete n'kumulembera kalata. Wachitatu anakana kukhulupirira mpaka ataona zipsera za misomali. Wachinayi anali m'ndende ndi Paulo ku Filipi usiku umene chivomezi chinatsekula zitseko. Ana inu, funsani makolo anu za chivomezi cha kuno cha mu Disembala 2009, akuuzani mmene nthaka imachitira. Wachisanu ndi malume ake a Yakobo, amene anamugwiritsa ntchito zaka 14 chifukwa cha akazi awiri. Wachisanu ndi chimodzi anabwera kwa Yesu usiku, ndipo phatikizo lomaliza la dzina lake likubwezerani pamene munayambira. Pa dzina lililonse mukonzenso chinthu chimodzi chowonjezera pa chimene ndanenachi. Mayankho tidzamva sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.

(NYIMBO IKWERE, KUTSEKA)